Nyimbo ndi ya Mwana, Mlandu ndi wa Bambo

Zimene ababa ananena

Ababa sakonda mafilimu, ndipo anavomera kuonera nane filimu ya ku Poland pokhapokha nditawakumbutsa kuti limeneli ndi dziko la Papa John Paul II, amene iwo anapita kukamuona pamene anabwera ku Malawi mu Meyi 1989. Filimuyo ndinapatsidwa ndi mnzanga wa ku Poland amene ndimagwira naye ntchito ku Manchester, bambo wachikulire amene anali mnyamata wa sekondale m'chaka cha 1981. Dzina lake ndi Wszystko, co kocham, kutanthauza kuti zonse zimene ndimakonda, ndipo anaikonza Jacek Borcuch mu 2009. Ine ndinali nditaionera kale ndekha, ndipo ndinaikonda monga nkhani ya achinyamata amene sanalole kutsekedwa pakamwa. Nditabwera kumudzi kudzaona makolo, tinakhala pabalaza madzulo ena, laputopu ili pa tebulo, ine ndikuwamasulira mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi, amayi akulowa ndi kutuluka ndi mbale.

Chakumapeto, pamene mnyamata wa mufilimuyo anakwera pansanja n'kuyamba kuimba ngakhale kuti mkulu wa asilikali anali ataletsa, ana asukulu onse akudumpha ndi kukuwa, ine ndinatembenuka kuti ndione ngati ababa akusangalala. Ndinawapeza atagwira chibwano. Anati, "Taimitsa kaye. Bambo ake a mnyamatayu uja wati amagwira ntchito yanji?" Ndinayankha kuti, "Ndi msilikali wa panyanja, ababa, wa udindo ndithu." Iwo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndiye kuti ntchito ija yatha. Mwanayu akuimba ndi ntchito ya bambo ake."

Filimuyo inali isanafike pamenepo, koma patapita mphindi zochepa zinachitikadi monga momwe ananenera. Kuyambira madzulo amenewo mawu awo sanandichoke m'mutu, ndipo mafilimu ena a ku Poland onena za achinyamata ndi nyimbo amene ndaonera pambuyo pake, ndimawaonera ndikufunafuna munthu mmodzi, kholo limene lili kunyumba pamene mwana ali pansanja.

Chaka chimene chinatha pa 13 Disembala

Mu Ogasiti 1980 anthu ogwira ntchito pamalo opangira sitima zapamadzi mumzinda wa Gdańsk ananyanyala ntchito, ndipo chimene chinayambitsa zonse ndi kuchotsedwa ntchito kwa mayi Anna Walentynowicz, amene ankayendetsa makina onyamulira zitsulo ndipo anali atatsala miyezi yochepa kuti apume. Sitiraka imeneyo anaitsogolera Lech Wałęsa, mmisiri wa zamagetsi, ndipo inatha pa 31 Ogasiti boma la chikomyunizimu litavomera kuti antchito akhale ndi bungwe lawolawo losalamulidwa ndi chipani. Bungwelo, Solidarność, linakula mpaka kukhala ndi mamembala pafupifupi 10 miliyoni m'dziko la anthu pafupifupi 36 miliyoni. Kwa miyezi yoposa khumi ndi isanu anthu ankalankhula momasuka kuposa kale, ngakhale kuti m'masitolo munalibe kanthu ndipo nyama ndi shuga zinkagulidwa ndi makadi a boma, munthu ataima pamzere kuyambira m'bandakucha.

Nkhani ya filimuyi imayamba m'miyezi imeneyo ya 1981, m'tauni yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja ya Baltic. Janek, mnyamata wa zaka 18, amaimba m'bandi ya punk pamodzi ndi mng'ono wake ndi anzawo awiri. Punk ndi nyimbo zazifupi, zothamanga, zaphokoso, zimene sizifuna kuti munthu akhale katswiri pa gitala, ndipo n'chifukwa chake zinafala msanga pakati pa ana amene analibe ndalama zolipirira maphunziro a nyimbo kapena zogulira zida zabwino. Anyamatawa sakuganiza za ndale. Akuganiza za malo ophunzirira nyimbo, za kujambula kaseti, ndi za atsikana, ndipo Janek wakomedwa ndi mnzake wa kusukulu dzina lake Basia.

Kenaka linafika tsiku la 13 Disembala 1981, limene linali Lamlungu. Mnzanga wa ku Manchester uja amakumbukira kuti alongo ake aang'ono anadzuka kudikira Teleranek, pulogalamu ya ana ya Lamlungu m'mawa, koma pa wailesi ya kanema anapeza General Wojciech Jaruzelski atavala yunifolomu akulengeza kuti dziko lili pansi pa ulamuliro wa asilikali. Matelefoni anali atadulidwa usiku womwewo. Akasinja anali m'misewu, malire anatsekedwa, sukulu zinatsekedwa kwa kanthawi, kuyenda usiku kunaletsedwa, ndipo ngakhale owerenga nkhani pa wailesi ya kanema anayamba kuoneka atavala zausilikali. Atsogoleri a Solidarność anatengedwa m'nyumba zawo usiku, ndipo pa nthawi yonse ya ulamulirowo anthu pafupifupi 10,000 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Pa 16 Disembala apolisi anaombera anthu onyanyala ntchito pa mgodi wa malasha wa Wujek ku Katowice, ndipo anthu 9 anafa. M'mafakitale ndi m'maofesi ambiri boma linaikamo msilikali woyang'anira, amene mawu ake ankaposa a mkulu wa pamalopo. Msilikali wotereyu ndi amene akuletsa bandi ya Janek kuimba.

Nyumba ziwiri

Chimene ndimailemekezera filimuyi n'chakuti zinthu zazikulu zonsezi imazilowetsa m'nyumba ziwiri zokha. Bambo ake a Basia ndi a Solidarność, ndipo atengedwa. Bambo ake a Janek amavala yunifolomu ya boma limene lawatenga. Palibe chimene mnyamatayo walakwa, koma kunyumba kwa mtsikanayo salandiridwanso, chifukwa pakhomo akaima iye, anthu a m'nyumbamo akuona yunifolomu ya bambo ake. Pamapeto pake banja la Basia likuchoka m'dzikomo, monga momwe zinachitikira kwa mabanja ambiri a anthu otsekeredwa, amene boma linkawapatsa ziphaso zotulukira koma zosabwererera.

Wokonza filimu wina akanatha kupanga bambo ake a Janek kukhala munthu wankhanza, kuti woonera asavutike kusankha mbali. Borcuch sanatero. Bambowa, amene gawo lawo anasewera ndi Andrzej Chyra, ndi munthu wofatsa amene amakonda ana ake, sanyoza nyimbo zawo ngakhale kuti si za mtundu wake, ndipo amadziwa bwino kuposa aliyense m'nyumbamo mmene zinthu zimayendera m'boma. Borcuch anabadwa mu 1970, kotero anali ndi zaka 11 pamene akasinja anatuluka, ndipo ndikuganiza kuti msinkhu umenewu ukuoneka m'filimuyi, chifukwa mwana wa zaka zimenezo sadziwa zimene zikukambidwa ku likulu la dziko, koma amaona nkhope ya bambo ake ikasintha pa tebulo la chakudya.

Pamene ana asukulu aja ayamba kukuwa dzina la Solidarność m'holo, woonera amamva tsitsi kunyerenyetsa, ndipo ndi chisangalalo chenicheni chimene sindikufuna kuchichepetsa. Koma boma silikulimbana ndi holo yonse ya ana. Likupita kumene lili ndi mphamvu zonse, ku ntchito ya bambo. Ndipo bambowo, atalandira chilangocho, sakumukalipira mwana wawo kuti wawaphera tsogolo. Akusenza mlanduwo mwakachetechete, ndipo mnyamatayo akukula pa nthawi imeneyo, pozindikira kuti nyimbo imene iye ankaiyesa yake yokha inali ndi wina woilipira.

Banjo ya achimwene

Filimu itatha, ababa anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anayamba kufotokoza nkhani imene tonse kunyumba kwathu tinkaidziwa mbali imodzi yokha. M'zaka za m'ma 1980 iwo anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale, ndipo tinkakhala m'nyumba ya sukulu. Achimwene anga aakulu anali ndi banjo imene anakhoma okha ndi chigubu cha mafuta ophikira, thabwa ndi waya wa mabuleki a njinga, ndipo madzulo ankaimba ndi anzawo kuseri kwa khitchini. Tsiku lina ababa anatenga pulayala, anadula mawaya onse a banjoyo pamaso pathu, n'kuiponya kudenga, osanena chifukwa. Achimwene sanawalankhule kwa nthawi yaitali, ndipo ife aang'ono tinakula tikudziwa kuti ababa amadana ndi nyimbo.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti anyamatawo anali atapeka nyimbo yoseka za kadi la chipani, limene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi popanda kulionetsa, ndipo nyimboyo inali itayamba kumveka pakamwa pa ana asukulu. Madzulo ena mkulu wina wa chipani m'deralo anabwera kunyumba, anakhala pakhonde, analandira tiyi, anafunsa za mvula ndi za matenda a agogo, ndipo ponyamuka anangoti, "Aphunzitsi, ana anu akuimba bwino masiku ano." Sananene china chilichonse, ndipo panalibe chifukwa choti anene. Ababa anati kwa ine, "Mwana wanga, nyumba inali ya boma, malipiro anali a boma, fizi ya nonsenu inkachokera pa malipiro omwewo. Ndikanamuuza mkulu wako chifukwa chake, akanakauza anzake, ndipo mawa lake nkhani ikanafika kumene sinkayenera kufika."

Kenaka anawonjezera kuti bambo wa mufilimuyo anali wolimba mtima kuposa iwo, chifukwa sanadule mawaya a gitala ya mwana wake. Pamenepa sindigwirizana nawo kwenikweni. Iwo ankakhala m'dziko limene mphunzitsi wa pa yunivesite ngati Jack Mapanje anatengedwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuonekera kukhoti, ndipo mphunzitsi wa kumudzi analibe anzake akunja oti amulembere makalata opempha kuti amasulidwe. Chimene ndimavomereza n'chakuti abambo awiriwa anafunsidwa funso limodzi, ndipo boma m'maiko onse awiri linkadziwa kuti silifunika kugwira mwana aliyense woimba ngati lagwira malipiro a kholo lake.

Makaseti a ku Jarocin

Loto la mabandi ambiri onga ya Janek ndi anzake linali kukaimba ku Jarocin, tauni yaing'ono ya kumwera chakum'mawa kwa mzinda wa Poznań, kumene kuyambira mu 1980 kunkachitika chikondwerero chachikulu cha nyimbo za achinyamata. Mabandi osadziwika ankatumiza makaseti awo kuti asankhidwe, ndipo achinyamata masauzande ankafika pa sitima kuchokera m'dziko lonse n'kugona m'matenti. Chodabwitsa n'chakuti boma lomwelo limene linkatsekera anthu chifukwa cha kapepala kosindikizidwa mobisa linkalola chikondwererochi kupitirira m'zaka za m'ma 1980.

Sikuti linkangolola popanda kuyang'anira. Mawu a nyimbo iliyonse yoti iimbidwe pagulu ankayenera kuvomerezedwa ndi ofesi younika zolembedwa ndi zoonetsedwa, imene likulu lake linali pa msewu wa Mysia ku Warsaw, ndipo apolisi achinsinsi ankakhala m'gulu la anthu akujambula zithunzi ndi kulemba malipoti. Oimba nawonso anali ndi nzeru zawo. Ena ankapereka mawu ofatsa papepala n'kukaimba ena pansanja, podziwa kuti m'phokoso la magitala wounikayo sangatolepo kanthu pamene achinyamata akumva zonse. Bandi ina ya ku Warsaw imene inayamba mu 1981 inadzitcha SS-20, dzina la mzinga wa nyukiliya wa Soviet Union, ndipo itakanizidwa kugwiritsa ntchito dzinalo inasankha lina, Dezerter, kutanthauza msilikali wothawa usilikali, m'dziko limene linali m'manja mwa asilikali.

Chithunzi chimene chimandikhudza kwambiri cha ku Jarocin, chimene chimaonekanso m'filimu ya zochitika zenizeni ya mu 2010 yotchedwa Beats of Freedom, ndi cha manja ambirimbiri atakwezedwa m'mwamba, atanyamula mawailesi a kaseti. Nyimbo zambiri za mabandi amenewa sizinkaulutsidwa pa wailesi ya boma ndipo sizinkapezeka m'sitolo, kotero aliyense ankajambula yekha ali pomwepo, n'kupita nayo kaseti kwawo, kumene anzake ankaikopera pa ina, inayo pa inanso, mpaka mawu ankamveka movutikira. Amene anakhalapo kwathu mu 1992, pamene kalata ya maepiskopi inkakoperedwa ndi kupatsirana mobisa, akudziwa mmene chinthu choletsedwa chimayendera m'manja mwa anthu.

Anthu a ku Poland amatsutsanabe za chifukwa chimene boma linkalolera Jarocin. Ena amati inali njira yotsegulira pang'ono chivindikiro cha mphika wowira kuti usasefukire, kuti achinyamata akakuwe kutali ndi mizinda ikuluikulu kwa masiku ochepa n'kubwerera kwawo atatopa. Ena amati kumeneko n'kumene m'badwo wonse unaphunzira kusaopa. Ine ndikuona kuti boma liyenera kuti linkaganizadi zoyambazo, koma silinawerengere bwino zotsatira zake, chifukwa mnyamata amene waima pakati pa anzake masauzande akuimba zimene kwawo amazinong'ona, sabwerera kunyumba ali munthu yemwe uja. Komabe si zoona kuti oimba onsewa anali asilikali a Solidarność. Ambiri a iwo ankakayikira aliyense wofuna kuwatsogolera, kaya ndi chipani, kaya ndi otsutsa, kaya ndi mpingo, ndipo filimu ya Borcuch inalondola posonyeza kuti Janek sanapite kukafuna ndale, koma ndale zinamupeza pamene iye ankangofuna kuimba.

Akale aja nawonso

Nkhani ya mtundu umenewu sinayambe ndi punk. M'zaka zoyambirira za m'ma 1950 nyimbo za jazi zinkaonedwa ngati matenda ochokera ku America, ndipo achinyamata ankaziimbira m'nyumba za anthu atatseka mawindo, mpaka zinthu zitafewa mu 1956 pamene ku Sopot kunachitika chikondwerero cha jazi. Andrzej Wajda anajambula m'badwo umenewo mu 1960 m'filimu yake Niewinni czarodzieje, imene nyimbo zake anapeka Krzysztof Komeda. Mu 1985 Radosław Piwowarski anatulutsa Yesterday, nkhani ya anyamata anayi a m'tauni yaing'ono mu 1964 amene anadzipatsa maina a oimba a The Beatles n'kusiya tsitsi kuti likule, ndipo akuluakulu a kusukulu ndi a kunyumba anaona tsitsilo ngati mlandu. Ababa nditawafotokozera imeneyi anaseka pang'ono, chifukwa iwonso anametapo ana a eni pa sukulu m'masiku amene lamulo la kwathu linkaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali.

Mwana amene sanabwerere kunyumba

Filimu ya Borcuch ndi yofatsa, ndipo ena amaidandaula kuti imakongoletsa zaka zowawa ndi dzuwa la m'mphepete mwa nyanja. Amene akufuna kuona kumene zinthu zinkatha kufika aonere Żeby nie było śladów, imene Jan P. Matuszyński anatulutsa mu 2021 potengera buku la mtolankhani Cezary Łazarewicz. Imeneyi inachokera pa nkhani imene inachitikadi. Pa 12 Meyi 1983 Grzegorz Przemyk, mnyamata wa zaka 18 amene ankalemba ndakatulo ndi kuimba gitala, anali kusangalala ndi anzake m'dera lakale la mzinda wa Warsaw m'nyengo ya mayeso omaliza a sekondale. Apolisi anamuimitsa n'kumuuza kuti aonetse chiphaso, iye anakana, ndipo anamutengera ku polisi ya pa msewu wa Jezuicka kumene anamumenya m'mimba. Anamwalira pa 14 Meyi, kutatsala masiku atatu kuti akwanitse zaka 19. Mayi ake, Barbara Sadowska, anali mlakatuli amene ankathandiza mabanja a anthu otsekeredwa kudzera mu komiti ya mpingo wa Katolika, ndipo iwonso anali atamenyedwa masiku ochepa m'mbuyomo pamene anthu achiwembu analowa m'malo a komitiyo. Pa maliro a mnyamatayo panasonkhana anthu masauzande ambiri amene anayenda mwakachetechete mpaka kumanda a Powązki.

Gawo lalikulu la filimuyi likunena za mnzake wa Przemyk amene anaona zonse ku polisi kuja, ndi mmene boma linagwiritsira ntchito mphamvu zake zonse kuti mboni imodziyo isakhulupiriridwe. Ndipo apanso njira ya boma ikudzera kwa bambo. Bambo wa mboniyo, munthu wokhulupirika ku chipani, akufikiridwa ndi apolisi achinsinsi, akuuzidwa kuti mwana wake wasocheretsedwa ndi anthu oipa ndipo angathe kupulumutsidwa, ndipo iye akuyamba kuwathandiza polimbana ndi mwana wake yemwe. Akudziuza kuti akuteteza banja, mawu omwewo amene ababa ananena za banjo ija, ndipo ichi n'chimene chinandisowetsa mtendere poonera. Ndaganizira kwambiri za kusiyana kwa awiriwa, ndipo ndikuona kuti kulipo ndithu. Ababa anatseka pakamwa pa mwana wawo kuti nkhani isatuluke m'nyumba, ndipo analola kuti mwanayo awade kwa zaka zambiri m'malo momuika pangozi. Bambo uyu anatsegula chitseko n'kulowetsa boma m'chipinda cha mwana wake. Koma ndikuonanso kuti mantha amene anawakankha ndi amodzi, ndipo munthu amene wavomera choyambacho sadziwa tsiku limene adzapemphedwe chachiwiri. Filimu imeneyi sindinapite nayo kwa ababa.

Ulamuliro wa asilikali unachotsedwa pa 22 Julaye 1983, patangopita miyezi iwiri Przemyk atamwalira. Pa mlandu wa mu 1984 apolisi anapezeka osalakwa, ndipo amene anapatsidwa chilango ndi anthu awiri ogwira ntchito mu ambulansi imene inanyamula mnyamatayo. Barbara Sadowska anamwalira mu 1986, asanaone chisankho cha pa 4 Juni 1989 chimene chinagwetsa ulamuliro wa chikomyunizimu. Boma litasintha mlanduwo unatsegulidwanso n'kuzengedwa mobwerezabwereza kwa zaka zambiri, ndipo mu 2008 khoti linapeza wapolisi mmodzi wolakwa, koma chaka chotsatira khoti la apilo linagamula kuti nthawi yozengera mlanduwo inali itatha kale.